Kalata ya Abusa: Za Manda Amene Tinakana Kukumba, ndi za Abahai a ku Iran

Kwa akulu a mpingo, atumiki, amayi a Mvano, abambo, achinyamata ndi akhristu nonse a pa siteshoni ndi m'milaga yonse,

Chisomo kwa inu ndi mtendere wochokera kwa Mulungu Atate wathu ndi Ambuye Yesu Khristu.

Kalata ino ndinayamba kuilemba Lachiwiri usiku nditangobwera kumanda, ndipo ziwiri zoyambirira zinathera m'mbaula chifukwa zinali za mkwiyo wokhawokha. Iyi ndi yachitatu. Mukapezamo mawu akuthwa, dziwani kuti akuthwa kwenikweni anapsa kale.

Nkhaniyi nonse mukuidziwa, ngakhale ena muchita ngati mukuimva lero. Banja lija la pachigayo, limene linabwera kuno kuchokera kumpoto zaka zingapo zapitazo, linataya mwana Lolemba. Mtsikana wa Sitandade 5, malungo. Makolo ake ndi a chipembedzo cha Bahai, ndipo lamulo la chipembedzo chawo limati mtembo usanyamulidwe ulendo wopitirira ola limodzi kuchoka pamene munthu wamwalirira. Zoti akamuike kumudzi kwawo zinali zosatheka. Anapita kwa amfumu kukapempha malo kumanda kwathu, amfumu anavomera, uthenga unayenda monga uyendera nthawi zonse. Kutacha Lachiwiri, kumanda kunalibe mdzukulu ndi mmodzi yemwe. Makasu, mapiki ndi mafosholo aja timasunga m'kachipinda kuseri kwa tchalitchi, amene timabwereka aliyense, kiyi wake anasowa tsiku lomwelo. Pasiwa panalibe nyimbo, panalibe mphika wa amayi athu. Anakumba dzenje ndi anyamata a kabaza a pasiteji, omwe aja timawatchula m'mapemphero a Lachinayi kuti ndi zidakwa zofunika kutembenuka mtima, pamodzi ndi abambo awiri a kumzikiti, ndi makasu obwereka kwa eni dimba.

Ine ndinali kumsonkhano wa abusa kuboma, ndipo ndinafika bokosi likutuluka m'nyumba. Ndinamwaza maso kufuna nkhope ya mkhristu wa mpingo uno. Ndinapeza imodzi. Agogo ena, amene maso awo saonanso bwino, anali pamphasa pambali pa mayi a mwanayo, atawagwira dzanja, osanena kanthu.

"Ine ndine mlendo wakukhala nanu, mundipatse ine pokhala pa manda pakati panu, kuti ndiike wakufa wanga." Anatero Abrahamu kwa ana a Heti. Ndipo ana a Heti anati, "Ikani wakufa wanu m'manda athu osankhika."

Nditafunsafunsa ndamva kuti zimenezi sizinayambe Lachiwiri. Chiyambire kukolola, pakhala pangano la chinunu lakuti akhristu a mpingo uno asamagayitse pachigayo chimenecho. Linayambira pa gulu la WhatsApp. Wina anatumiza uthenga wakuti Abahai ndi a satana, kuti ufa wa pamenepo amauthira mankhwala, kuti kalasi ya ana imene mayi aja amachititsa Loweruka pansi pa mango ndi njira yobera ana athu. Palibe anabwera nazo ku seshoni. Palibe anandifunsa. Amayi akhala akusenza matumba kudutsa pakhomo pa chigayocho, kuwoloka mtsinje, kukagayitsa kutsidya. Inenso ndili ndi mlandu wanga pamenepa: ndinkawaona akudutsa, ndipo ndinkangoti mwina kutsidyako n'kotchipa.

Chimene chandilembetsa kalata m'malo mongodzudzula paguwa ndi ichi. Pa gulu lomwelo, mwezi womwewo, panabwera uthenga wina wonena za okhulupirira amene akuzunzidwa ku Iran: kumangidwa, kulandidwa minda, kutsekeredwa masitolo. Munalemba ma Amen ambirimbiri. Ena munalemba kuti Iran ikhaule, aiike masankishoni mpaka igwade. Mnyamata wina anachita kunditsatira ku vesitile kudzapempha kuti Lamulungu tipempherere mayiko akuluakulu kuti alimbitse ziletso za malonda pa dzikolo. Ndinamupempha foni yake n'kuwerenga uthengawo mpaka pansi. Okhulupirira amene unkanenawo anali Abahai. Ambiri munalemba Amen musanafike pamzere umenewo.

Ndiyambe ndi ichi, kuopa kuti wina angatuluke m'tchalitchi n'kumalengeza kuti abusa alowa Chibahai. Sindinalowe. Chipembedzo chimenechi chinayambira ku Iran, dziko lija Baibulo limatcha Perisiya, kwawo kwa nkhani ya Esitere ndi Moredekai. Mu 1844 mnyamata wina wamalonda wa mumzinda wa Shiraz, amene amamutcha Báb, anayamba kulalikira kuti kukubwera mtumiki wina wa Mulungu. Anamuwombera ku Tabriz mu 1850. Mu 1863 Bahá'u'lláh ananena kuti wolonjezedwayo ndi iyeyo. Ameneyu anali atapirikitsidwa kale kwawo, ndipo anapitiriza kumusamutsa mzinda ndi mzinda mpaka anakamutsekera ku Akka, m'dziko limene lero ndi Israel, mu 1868, ndipo anamwalirira chakomweko mu 1892. Abahai amakhulupirira kuti Mulungu ndi mmodzi, ndi kuti Mose, Yesu, Muhammad ndi Bahá'u'lláh onse ndi atumiki ake, aliyense pa nyengo yake. Pamenepo ife sitivomereza ndipo sitidzavomereza. "Ine ndine njira, ndi choonadi, ndi moyo. Palibe munthu adza kwa Atate, koma mwa Ine." Mawu amenewa ndinawauza bambo a pachigayowo maso ndi maso chaka chatha pakhonde pawo, iwonso anandiuza zawo, tinamwa tiyi, n'kutsanzikana bwinobwino. Koma zoti amapembedza satana ndi bodza. Alibe abusa kapena ansembe, samwa mowa, amasala kudya masiku 19 m'mwezi wa Malichi. Ndipo si alendo a dzulo kuno kwathu: Dunduzu Chisiza, amene dzina lake timaliwerenga m'mbiri ya ufulu wa dziko lino, analowapo chipembedzo chimenechi ali mnyamata ku Uganda, ndipo mu 1953 anali mmodzi wa oyamba kukachifikitsa ku Rwanda ndi Burundi.

Tsono imvani zimene munalembera Amen.

Ku Iran Abahai alipo pafupifupi 300,000, ndipo ambiri amati kupatula Chisilamu palibe chipembedzo china chokhala ndi anthu ambiri kuposa chawo m'dzikomo. Malamulo aakulu a dzikolo, amene analembedwa mu 1979 atachotsa mfumu n'kuika boma la atsogoleri achipembedzo, amatchula Akhristu, Ayuda ndi Azoroasta ngati magulu ololedwa. Abahai mulibe. Ndipo munthu amene mulibe m'malamulo, aliyense amamuchita chimene wafuna. Chiyambire 1979, oposa 200 aphedwa. Mu Ogasiti 1980 anagwira atsogoleri onse 9 a bungwe lawo la dziko lonse, ndipo sanaonekenso, ngakhale mitembo yawo. Anasankha ena olowa m'malo. Mwa amenewo, 8 anawomberedwa mu Disembala 1981.

Pa 18 Juni 1983, ku Shiraz, anapachika amayi ndi atsikana 10 usiku umodzi, mmodzimmodzi, otsalawo akuona. Wamng'ono pa onse, Mona Mahmudnizhad, anali ndi zaka 17, ndipo bambo ake anali ataphedwa kale miyezi itatu m'mbuyomo. Mwa milandu yake munali kuphunzitsa ana za chipembedzo, ntchito imene ife timaitcha Sande sukulu. Onsewo anauzidwa kuti akangokana chikhulupiriro chawo apulumuka. Palibe anakana. Inu aphunzitsi a Sande sukulu, ena mwa inu muli ndi zaka 17 zomwezo. Ndipo inu amene munkati kalasi ya pansi pa mango ndi yobera ana, dziwani amene munabwereka kwa iwo mawu amenewo.

Mayiko atayamba kufuula, kupha kunachepa, koma boma linangosintha njira. Mu 1991 linalemba chikalata chachinsinsi chimene Ayatollah Ali Khamenei, mtsogoleri wamkulu wa dzikolo panthawiyo, anasainira, ndipo nthumwi ya United Nations inachiulula mu 1993. Chikalatacho sichinena za chingwe kapena mfuti. Chimati boma liziwachitira Abahai mwa njira yakuti asamapite patsogolo. Wophunzira akadziwika kuti ndi Mbahai achotsedwe ku yunivesite. Wofuna ntchito akanena kuti ndi Mbahai asalembedwe. Asapatsidwe udindo uliwonse, makamaka m'zamaphunziro. Ndiye kuti kumupha munthu pang'onopang'ono ndi njala, popanda magazi oti atolankhani ajambule.

Ndipo zakhala zikuchitika monga zinalembedwera. Ana awo akakhoza mayeso, dzina silituluka. Mu 1987 Abahai anayambitsa sukulu yawo ya ukachenjede yophunzirira m'mabalaza ndi m'makhitchini a anthu. Apolisi anaithyola mu 1998, anaithyolanso mu 2011, aphunzitsi ena n'kupita kundende chifukwa chophunzitsa masamu ndi sayansi. Atachotsedwa ntchito m'boma, ambiri anatsegula timasitolo ndi timagalaja. Koma Abahai ali ndi masiku 9 opatulika pa chaka amene sagwira ntchito, ndipo munthu akatseka sitolo yake tsiku lotero, mawa lake amapeza akuluakulu a boma aikapo chidindo, sitolo yatsekedwa. Mu Ogasiti 2022, m'mudzi wa Roshankouh kumpoto kwa dzikolo, anabwera ndi makatapila, kugumula nyumba ndi kutchinga minda ya anthu. Mu 2008 anamanga atsogoleri 7, ndipo anakhala m'ndende pafupifupi zaka 10 aliyense. Awiri mwa iwo, amayi Mahvash Sabet, amene kale anali mphunzitsi wamkulu, ndi amayi Fariba Kamalabadi, anatuluka n'kugwidwanso mu 2022 ndi kupatsidwa zaka zina 10. Ngakhale akufa sapuma. Mu 2014 asilikali anakumba ndi makina manda akale a Abahai ku Shiraz, momwe munagona atsikana 10 aja, kuti amangepo nyumba. Mu 2024 bungwe la Human Rights Watch linanena kuti zonsezi zikaphatikizidwa ndi mlandu wolakwira mtundu wa anthu.

Mlandu umene amawapaka nthawi zonse ndi wakuti ndi akazitape a Israel, poti likulu la chipembedzo chawo lili ku Haifa, mzinda wa m'dzikolo woyandikana ndi Akka. Koma amene anakamutaya Bahá'u'lláh kumeneko ndi mafumu omwe ankamuzunza, zaka 80 dziko la Israel lisanakhazikitsidwe mu 1948. Bodza likafuna kupha munthu silifunsa chaka. Lathu la ufa wa mankhwala nalonso silinafunse kuti kodi bwanji ana a mwini chigayo amadya ufa womwewo.

Wina asatenge kalata ino kukalasa nayo anansi athu Asilamu. Abambo awiri a kumzikiti anali m'dzenje Lachiwiri pamene ife tinali m'nyumba. Ku Iran komweko, loya amene anaimira atsogoleri 7 aja anali mayi wachisilamu, Shirin Ebadi, amene analandira mphoto ya mtendere ya Nobel mu 2003, ndipo Ayatollah Montazeri, mmodzi wa akuluakulu achipembedzo m'dzikomo, ananena poyera mu 2008 kuti Abahai ndi nzika ndipo ali ndi ufulu wa nzika. Akhristunso, makamaka otembenuka kuchoka ku Chisilamu, amamangidwa kumeneko, ndipo Bishopu Haik Hovsepian Mehr anaphedwa mu 1994 atalankhulira mbusa mnzake amene anaweruzidwa kuti afe. Amenewo timawapempherera mosavuta, poti ndi athu.

Bwererani pa mndandanda uja: sitolo, kalasi ya ana, manda. Kenaka tembenukani muyang'ane kuchigayo.

Achinyamata simungakumbuke, koma akuluakulu mukudziwa kuti dziko lino linadutsamo m'zoterezi. Mboni za Yehova zinaletsedwa kuno mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani cholamula unagamula kuti achotsedwe ntchito, asachite malonda, apirikitsidwe m'midzi. Anthu zikwizikwi anathawira ku Sinda Misale ku Zambia, ena ku Mozambique. Masiku amenewo wopanda khadi samalowa mumsika, samakwera basi. "Ndi kuti munthu sangathe kugula kapena kugulitsa, koma iye wakukhala nacho chilembo."

Ine ndinali ndi zaka 9. Kuseri kwa nyumba yathu kunali banja la a Mboni, ndipo mwana wawo ndi amene ndinkaweta naye mbuzi. Usiku wina tinamva phokoso, kulira, ndi nsungwi za nkhokwe zikuphulika pamoto. Bambo anga, mkulu wa mpingo, munthu wopemphera kwambiri, anadzuka, anazimitsa koloboyi, anakhomerera chitseko, n'kutiuza kuti wina asatsokomole. Kutacha panali phulusa, eni ake atapita. Mbuzi zawo zinkangoyendayenda m'mudzi, ndipo sabata isanathe iliyonse inali ndi mwini watsopano. Ziwiri zinagona m'khola mwathu. Anthu ankati, a Mboni ndi ouma mitu, akanangogula khadi zonsezi bwenzi kulibe. Bambo anga sanaitchulenso nkhaniyi kufikira matenda awo omaliza, ine ndili kale mbusa. Anandikoka malaya kuti ndiwerame, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, kodi Mulungu amakhululuka za mbuzi? Zaka zonsezo ankalalikira, ankagawa mgonero, mbuzi ziwiri zikulira mumtima mwawo.

"Ukanena, Taonani, sitinachidziwa chimenechi, kodi woyesa mitima sachizindikira ichi?"

Tsono za masankishoni aja munafuna kuti tiwapempherere. Nkhani imeneyi ndaisinkhasinkha masiku onsewa, ndipo siyophweka monga mmene ma Amen anu anaichitira.

Iran yakhala pansi pa ziletso kwa zaka zoposa 40. Zinayamba mu 1979, ophunzira atalanda ofesi ya kazembe wa America ku Tehran ndi kusunga anthu 52 kwa masiku 444; America inatsekereza ndalama za Iran m'mabanki. Mu 1995 Bill Clinton analetsa pafupifupi malonda onse pakati pa mayiko awiriwa. Kuyambira 2006 United Nations inaonjezera ziletso zake chifukwa cha nkhani ya nyukiliya. Mu 2015 anapangana, ziletso zambiri n'kuchotsedwa. Mu 2018 Donald Trump anatulutsa America m'panganolo n'kubwezeretsa ziletso, ndipo mu Seputembala 2025 za United Nations nazo zinabwerera. Mwaona kuti m'mbiri yonseyi dzina la Abahai silinamveke? Zilipo ndithu zina zokhudza ufulu wa anthu. America ili ndi lamulo la 1998 la ufulu wachipembedzo, ndipo Iran yakhala pa mndandanda wake wa mayiko olakwa kwambiri chiyambire 1999. European Union kuyambira 2011 imatchula mayina a majaji, akuluakulu a ndende ndi a apolisi, kuwakaniza kulowa m'mayiko ake ndi kutsekereza chuma chawo. Koma ziletso zikuluzikulu, za mafuta ndi za mabanki, mwini wake ndi nyukiliya. Pamene akuluakulu ankagwirana chanza mu 2015, atsogoleri 7 aja anali m'ndende, ndipo anatsala momwemo.

Nanga ziletsozo zimagwera pa mutu wa yani? Ndalama ya dzikolo yagwa mphamvu moti mitengo ya zinthu imakwera munthu akuona. Papepala mankhwala saletsedwa, koma mabanki amaopa kukhudza ndalama iliyonse ya Iran kuopa chindapusa cha America, choncho mankhwala ena amasowa. Kuli ana obadwa ndi nthenda ya khungu losupuka likangokhudzidwa, amene ankadalira mabandeji apadera ochokera ku kampani ina ya ku Sweden. Ziletso zitabwerera mu 2018, kampaniyo inaleka kutumiza. Pamene boma lenilenilo likugulitsabe mafuta ake, ambiri ku China, ndipo amene ali ndi mfuti ndi amene amagwira njira zozembetsera katundu, n'kulemera nazo. Mbahai wa kasitolo amamenyedwa kawiri, chidindo pakhomo ndi kukwera kwa mitengo. Ndipo zinthu zikathina, boma limafuna woti limuloze chala, ndiye limatulutsanso nyimbo ija ya akazitape. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ifenso timadziwa kukoma kwake. Kumbukirani 2011 ndi 2012, ndalama zakunja zitauma, opereka thandizo ataimitsa zawo, anthu akugona pamizere ya mafuta. Kumbukirani zitaululika za Cashgate mu 2013, thandizo la bajeti litaimitsidwanso. Amene anaba sanali pamzere wa kuchipatala. Pamzerepo panali inu.

Komabe sindinganame kuti kufinya kochokera kunja sikunathandizepo munthu. Mu Malichi 1992 mabishopu a Katolika anawerengetsa kalata yawo ya nyengo ya Lenti m'matchalitchi. Mu Epulo Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Mu Meyi ogwira ntchito ananyanyala ku Blantyre, ndipo mwezi womwewo mayiko opereka thandizo, atakumana ku Paris, anaimitsa thandizo la chitukuko kufikira ufulu wa anthu utalemekezedwa, koma la chakudya anasiya kuti lizibwerabe, poti chinali chaka cha chilala. Pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu, ndipo chaka chomwecho chiletso cha a Mboni chinachotsedwa. Ku South Africa nakonso, Desmond Tutu anapempha yekha mayiko kuti aike ziletso pa boma la tsankho, akudziwa kuti anthu ake amva nawo kuwawa. Konseko eni dziko anali atayamba kale kulankhula, chofuna chinali chodziwika, ndipo wofinyidwayo ankadziwa chimene achite kuti amasulidwe.

Abahai eni ake njira yawo ndi ina. Chiphunzitso chawo chimawaletsa ndale za zipani ndi kutenga zida. Boma la Iran litaletsa mabungwe awo mu 1983, iwo anawathetsa okha pomvera lamulo, koma chikhulupiriro sanakane. Chimene amachita ndi kulemba zonse, dzina ndi tsiku, n'kuzitula pamaso pa dziko lapansi. Msonkhano waukulu wa United Nations wakhala ukudzudzula Iran pafupifupi chaka ndi chaka chiyambire 1985, n'kumawatchula Abahai. Zimaoneka ngati mapepala chabe, koma boma limene linafika pobisa chikalata cha 1991 ndi boma loopa maso a anthu.

Choncho yankho langa kwa iwe mwana wanga unanditsatira ku vesitile ndi ili. Sindidzaima paguwa kupempherera njala ya dziko lonse, la anthu oposa 85 miliyoni, muli makanda, muli nkhalamba, muli Abahai omwewo. "Ambuye, kodi mufuna kuti ife tiuze moto utsike kumwamba ndi kuwatha iwo? Koma Iye anapotoloka, nawadzudzula." Chimene ndingavomereze ndi chilango chogwera mwini mlandu: jaji amene anasaina atchulidwe dzina, akanizidwe chitupa, chuma chake chakunja chigwidwe. Ndipo tsiku limene mayiko adzakhalenso pansi kukambirana zochotsa ziletso za mafuta, pathebulopo pakhalenso nkhani ya yunivesite, ya masitolo ndi ya manda. Dziko lathu nalonso lili ndi voti ku United Nations. Ndilembera ku sinodi kupempha kuti nthambi yoona za chilungamo ikumbutse boma za voti imeneyo. "Tsegula pakamwa pako, ukanenere wosalankhula."

Koma kalata ya ku sinodiyo ndiilemba ndi nkhope yanji? Mpingo umene ukuti Iran ileke kutseka masitolo a Abahai ndi womwewo waika masankishoni pa chigayo cha Mbahai. Ndikufunsa inu amene munayambitsa, ndi inu amene munatsatira, ndi inu akulu a mpingo amene munadziwa n'kukhala chete: cholinga chinali chiyani? Kuti ngongole ya magetsi ikawakulira abwere kudzalembetsa kalasi ya ubatizo? Munthu wobatizidwa ndi njala mungamutche wa Khristu? Kapena kuti asamuke, wina agule chigayocho motchipa, monga zinayendera mbuzi zija? Boma la Iran lili ndi apolisi ndi zidindo, inu muli ndi foni ndi thumba la chimanga, koma ntchito yake ndi imodzi: kumufinya munthu pamimba kufikira atakana chimene amakhulupirira. Ndipo inu munapitirira, chifukwa munafinya mayi tsiku loika mwana wake. Maliro n'kulirana, timatero tokha. Mwana uja ankaphunzira kalasi imodzi ndi ana anu, ankatunga madzi pamjigo umodzi ndi inu. Pa chigumula chija bambo ake anagaya chimanga cha ovutika osalandira tambala, ndipo ena mwa ovutikawo mukumva kalata ino muli pabenchi. Simunawafunse za chipembedzo tsiku limenelo.

Musandiuze kuti mumateteza chikhulupiriro. Chikhulupiriro chimene chimaopa kalasi ya pansi pa mango n'chofooka, ndipo mankhwala ake ndi kubweretsa ana anu ku Sande sukulu m'nthawi yake, kumene aphunzitsi akhala akudandaula kuti mabenchi ali pululu. "Ngati mdani wako akumva njala, umdyetse, ngati akumva ludzu, ummwetse." Awa si adani n'komwe. "Usamapsinja mlendo, pakuti mudziwa mtima wa mlendo, popeza munali alendo m'dziko la Ejipito."

Inu agogo munakhala pamphasa paja, Ambuye akudalitseni. Munanyamula mpingo wonse nokha tsiku limenelo.

Loweruka likubwerali, 7 koloko m'mawa, akulu a mpingo onse, atumiki ndi komiti ya Mvano tikumane patchalitchi, tipite limodzi kukapepesa maliro. Ndikalankhula ndine, ndipo ndikapepesa zonse ziwiri, imfa ndi khalidwe lathu. Mlaga uliwonse ubweretse ndowa ziwiri za chimanga ndi mtolo wa nkhuni, ndipo chimangacho tikagayitsa pachigayo chomwecho n'kulipira mtengo wake wonse. Chipepeso ndi K1,000 banja lililonse, wokhala ndi zambiri aonjezere. Perekani kwa mtumiki wa mlaga wanu pofika Lachisanu madzulo, ndipo atumiki alembe mayina. Pa ndalama imeneyo msungichuma apatule yothokozera anyamata a kabaza aja. Kiyi wa kachipinda ka makasu abwezedwe kwa mlembi wa mpingo lero lomwe, ndipo kuyambira tsopano wina azikhala kunyumba ya abusa. Oyang'anira gulu la WhatsApp akaonekere ku seshoni Lachitatu 2 koloko, atatenga mafoni awo.

Mgonero umene unayenera kuchitika Lamulungu la mawa wasunthidwa ndi masabata awiri. "Usiye pomwepo mtulo wako kuguwako, nuchoke, nuyambe kuyanjana ndi mbale wako, ndipo pamenepo idza, nupereke mtulo wako." Pa pemphero la Lachinayi tidzatchula am'ndende a ku Iran, Akhristu ndi Abahai, ndi ana osowa mankhwala.

Ndikumbutsenso kuti ndalama za malata a nyumba ya mapemphero ya kutsidya sizinakwanebe, ndipo milaga itatu sinapereke kalikonse chiyambire Masika. Mvula ili pafupi. Amisiri akuti akalandira theka ayamba kukhoma. Kwaya ya achinyamata ibweze mipando 12 imene inabwereka pa ukwati uja.

Kalata ino iwerengedwe yonse, osadumpha, m'nyumba zonse za mapemphero Lamulungu lino zolengeza zisanayambe.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.